Timadontho tiwiri pa khobidi la ku Trier: kodi ndapeza mtundu wosalembedwa?

NaBanda_Exeter

Moni nonse a pabwalo lino. Safunsa anadya phula, ndiye ndati ndiyambe ndafunsa abale anga kuno ndisanakaime pamaso pa madoda a ku kalabu ya makobidi n'kunena kuti ndatulukira chatsopano.

Ndimasonkhanitsa makobidi a mkuwa a Aroma a zaka za m'ma 300, makamaka a mfumu Constantine ndi ana ake. Matendawa ndinawatengera ku Royal Albert Memorial Museum kuno ku Exeter, komwe amasunga mulu wa makobidi 22,888 omwe anafukulidwa ku Seaton Down mu 2013. Anga ndi ogula, ndipo ndimagula otchipa, oti ndikaweruka ku ntchito yosamalira okalamba ndizikhala nawo pansi ndi galasi lokulitsa. Mwezi watha ndinapeza kathumba ka makobidi osasankhula kwa bambo wina wogulitsa zinthu zakale, yemwe anati anali m'katundu wa mkulu wina amene anamwalira. Ambiri ndawapeza mosavuta mu RIC VII, buku lachisanu ndi chiwiri la Roman Imperial Coinage, kaundula wamkulu wa makobidi a mafumu a Aroma. Atatu okha ndi amene andiimitsa mutu, ndipo zithunzi zake ndaika m'munsimu.

Loyamba ndi limene likundisowetsa tulo. Kumaso kuli mnyamata woyang'ana kumanja, nkhata ya masamba kumutu, chovala chankhondo pachifuwa, mawu ake CONSTANTINVS IVN NOB C. Kuseri kuli GLORIA EXERCITVS, asilikali awiri ogwira mikondo ndi zishango, pakati pawo ndodo ziwiri za mbendera. Pansi pa mzere umene asilikaliwo apondapo, pomwe pamakhala chizindikiro cha fakitale yosula, apa ya ku Trier komwe lero ndi m'dziko la Germany, ndikuwerenga TR•P•, kadontho kamodzi pakati pa R ndi P, kena kumapeto. M'buku ndikuona TRP, TRP•, TR•P, ndi TRP yokhala ndi nyenyezi. Ya timadontho tiwiri toikidwa motere sindikuiona paliponse. Palinso kadontho kachitatu, kochepetsetsa, pakati penipeni pa ndodo ziwirizo.

Lachiwiri ndi la FL IVL CONSTANTIVS NOB C, asilikali omwewo koma ndodo imodzi, ndipo pa kansalu ka mbendera pali chizindikiro cha Khristu chija, X wopingasana ndi P. Pansi palembedwa SCONST. Masamba onse a Constantinople ndawasanthula, mulibe.

Lachitatu ndi la Constantine mwini wake, kuseri chipata cha linga, PROVIDENTIAE AVGG, nsanja ziwiri ndi nyenyezi pamwamba, pansi •ΓSIS•. Nambala yake ndaipeza, koma pa chithunzi chomwe chili pa intaneti linga lili ndi mizere 6 ya miyala pamene langa lili ndi 9.

Ndiye funso langa n'lakuti, munthu amafika pati kuti anene molimba mtima kuti khobidi lake mu RIC mulibe? Ndipo akatsimikiza, amauza ndani? Komanso pafupi ndi kadontho komalizako pali dothi louma. Ndipale kapena ndisiye?

Mbewe_Leeds

Anabanda, zithunzi ndaziona. Ndiyambe ndi ziwiri zopepukazo kuti titsale ndi nkhani yeniyeni.

La SCONST si la ku Constantinople ayi, ndi la ku Arles, kummwera kwa France. Mu 328 mzindawo anaupatsa dzina loti Constantina, ndipo fakitale ya ndalama ya kumeneko inasiya kulemba ARL n'kuyamba CONST. Msampha umenewu umakola pafupifupi aliyense woyamba kumene. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Arles imaika chilembo cha gawo la fakitale, lomwe mabuku amati officina, kutsogolo, ndipo chimakhala cha Chilatini: P wa gawo loyamba, S wa lachiwiri, nthawi zina T ndi Q. Constantinople imalemba CONS, chilembo cha gawo n'kubwera pambuyo, ndipo n'cha Chigiriki: CONSA, CONSB, CONSΓ, mpaka CONSIA. Tsegulani Arles cha m'ma 336, mulipeza lili ndi nambala yake. Ndi khobidi labwino, musalitaye mtima. Kungoti kwa osulawo chizindikiro cha Khristucho chinkagwira ntchito imodzimodzi ndi nkhata kapena nthambi ya kanjedza zomwe ankaika m'zaka zam'mbuyomo, yosiyanitsa gulu lina la makobidi ndi linzake.

La chipata cha ku Siscia, komwe lero ndi Sisak m'dziko la Croatia, nalonso lilibe mlandu. Chidindo chilichonse chosulira makobidi chinkagobedwa pamanja, ndipo chikatha kapena kusweka ankagoba china. Mmisiri wina ankajambula mizere 6, mnzake 9, wina akasangalala ankaikanso timaluwa pamzere wapamwamba. Patrick Bruun, amene anatulutsa RIC VII mu 1966, sankapereka nambala yatsopano chifukwa cha mizere ya miyala. Alipo anthu amene amasonkhanitsa zipatazi potsata mizere, ndipo sindiwaseka, koma limenelo ndi dzanja la mmisiri, si lamulo la fakitale.

Pamenepa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Mukaona chachilendo pa khobidi, funso loyamba lisakhale lakuti kodi chili m'buku. Funsani kuti anachiika ndani. Zina anazilamula akuluakulu a fakitale pofuna kudziwa kuti makobidi awa anatuluka liti komanso m'gawo liti: zilembo za pansi, timadontho, nyenyezi, nkhata, mtundu wa chovala cha mfumu, mayina ndi maudindo ake. Zimenezi ndi zomwe RIC imatsata, ndipo chatsopano chikapezeka pamenepa ndiye tinganene kuti ndi mtundu wosalembedwa. Zina anangodziikira mmisiri. Ndiye pali zambirimbiri zomwe sanaziike munthu aliyense: chidindo chodzaza litsiro mpaka chilembo kusowa, chidindo chong'aluka, nyundo yomenya kawiri khobidi litasuntha, dzimbiri la zaka pafupifupi 1,700 m'nthaka, ngakhalenso mpeni wa munthu amene analitsuka inu musanaligule. Mwa zomwe anthu amandionetsa akuti n'zosalembedwa, zochuluka zimagwera m'gulu lomalizali.

Kadontho kanu kachitatu, ka pakati pa ndodo, tengani rula muyeze. Ngati kali pakati penipeni pa mkombero wa zilembo, ndi pomwe mmisiri anazika phazi la kampasi pojambula mzere wozungulira woti zilembo zitsate. Kabowo ka pa chidindo kamatuluka ngati kadontho pa khobidi. Timapezeka pa makobidi ambiri a nthawi imeneyi ndipo sitiwerengedwa.

Tsopano TR•P•. Zizindikiro zinayi zomwe mwatchulazo n'zoona, ndi za ku Trier kuyambira 330 mpaka cha m'ma 333, kenako kunabwera nkhata ndi nthambi ya kanjedza pakati pa asilikali. Ndiye ku Trier kadontho si kamasewera, kamasintha nambala ndi chaka. N'chifukwa chake sindikuthamangira kukuuzani kuti iwalani. Koma pa chithunzi chanu kuwala kwachokera kutsogolo, ndipo kuwala kotero kumanamiza. Zimitsani getsi, muunike ndi tochi chapambali, pafupifupi mogona, mujambule kanayi, kuchokera kumwamba, kumunsi, kumanja ndi kumanzere. Kadontho kogobedwa dala kamakhala kobulungira bwino mbali zonse zinayi, ka msinkhu umodzi ndi kanzake ka pakati pa R ndi P, ndiponso pa mzere umodzi nako. Chotupa cha dzimbiri chimakhala chamanyamanya, kawirikawiri chofiirira kapena chobiriwira kusiyana ndi malo ochizungulira. Muonenso ngati si kamodzi mwa timikanda ta m'mphepete mwa khobidi komwe kalowera mkati.

Kachiwiri, ndipatseni kulemera kwake ndi kukula kwake. A ndodo ziwiri ovomerezeka amakhala cha m'ma magalamu 2.5 ndi mamilimita 17 kapena 18. A ndodo imodzi, omwe anabwera atachepetsa kulemera cha m'ma 335 ndi 336, amakhala cha m'ma magalamu 1.7. Lanu likakhala la ndodo ziwiri koma lopepuka kwambiri ndi laling'ono, tiyamba kukamba za okopera, ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

Za dothilo, musapale ndi chitsulo chilichonse. Viikani m'madzi osungunula aja a m'botolo, omwe amathira m'mabatire, muzisintha madziwo, kenako muzikankha dothi pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano. Mandimu, viniga ndi burashi ya waya ayi. Mukakanda pafupi ndi kadonthoko, palibe katswiri amene adzakukhulupirireni, chifukwa adzati mwakasema nokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo jambulani musanayambe, kuti pakhale umboni wa mmene linalili.

Jafali_Jozi

Achemwali, ine za timadontho sindizitsata, ndinangolowa muno chifukwa ndinaona mawu oti makobidi. Funso langa ndi limodzi basi. Likapezeka kuti m'buku mulibedi, ndiye kuti n'limodzi lokha dziko lonse eti? Ndiye limagulidwa zingati? Chifukwa kuno pa msika wa zakale ndinaona munthu akugulitsa tomweti, atalemba pakapepala kuti R5, akuti n'tosowa kwambiri. Ine ndinayesa akutanthauza ma rand asanu, atandiuza mtengo weniweni ndinangotembenuka. A Mbewe, tiuzeni zoona, mwina achemwali athuwa alemera ife tili pano.

Aphunzitsi_Zomba

Mayi Nabanda, zikomo potibweretsera nkhani yokoma. Ine khobidi la Aroma sindisunga, koma Chilatini ndinachiphunzira ku seminale ndipo ndinachiphunzitsako ndisanapume, choncho ndilankhulapo za zilembo zokha. Za magalamu ndasiyira a Mbewe.

Pa makobidi a nthawi imeneyi zilembo sizinagobedwe mwaudongo ngati za pa miyala ya zikumbutso ya ku Rome. A amatha kukhala wotseguka pamwamba mpaka kuoneka ngati H. N ndi M nthawi zina amangokhala timizere toima tosalumikizana. Kumafakitale a kummawa, monga Antioch, Cyzicus ndi Nicomedia, chilembo cha gawo ndi cha Chigiriki, ndipo A ndi Δ zikafufutika pang'ono zimafanana. Munthu akhoza kulengeza kuti wapeza gawo lomwe buku silinatchule pamene wangowerenga A ngati Δ. Ngakhale mayina omwe: CONSTANTINVS ndi CONSTANTIVS asiyana N mmodzi yekha, koma ndi anthu awiri, mkulu ndi mng'ono wake. Lanu loyamba lili ndi IVN, kusonyeza kuti ndi Constantine wamng'ono, amene ankakhala ku Trier komweko ndipo anafera pafupi ndi Aquileia mu 340 polimbana ndi mng'ono wake Constans. Pamenepo mwawerenga bwino, ndaona pa chithunzi.

Chomwe ndikufuna kukuchenjezani ndi diso lanu lomwe. Pochonga mayeso ndinkaona kuti mwana amene ndimamudziwa kuti ndi wanzeru, akalemba chilembo chosaoneka bwino, diso langa linkachikonza lokha kuti chikhale yankho lolondola. Inu mwakhala mukuyang'ana kadonthoko mukufuna kuti kakhalepo, ndiye kazioneka ndithu. Chitani izi. Mupatse khobidilo ndi galasi munthu amene sadziwa Chilatini komanso sanaonepo RIC, mwana wa pakhomo ngati alipo. Musamuuze chomwe mukufuna. Mungoti ajambule papepala zonse zomwe akuona pansi pa mzerewo. Chomwe ajambule ndi umboni woposa wanu ndi wanga.

Ndiponso polemba m'kaundula wanu, tsatirani mwambo wa anthu owerenga zolembedwa zakale: lembani zokhazo zomwe zikuoneka, ndipo zilembo zofufutika zomwe mukungodziwa kuti zinayenera kukhalapo muziike m'mabulaketi a ngodya. Mukatero, amene adzawerenge kaundulayo m'tsogolo adzadziwa pomwe panathera khobidi ndi pomwe panayambira maganizo anu.

Ndili ndi funso kwa a Mbewe. Mwatchula okopera ngati kuti khobidi likakhala lawo ndiye nkhani yatha. Koma ngati analikopera munthu wa ku Britain m'masiku a ana a Constantine, anthu n'kumagulira mkate, kodi si lakale mofanana ndi la ku Trier? Ine ndikadakhala wosonkhanitsa, mwina lokoperalo ndi limene likadandisangalatsa koposa, chifukwa likutiuza za munthu wamba amene analibe chenje.

Mbewe_Leeds

Aphunzitsi, mwalasa. Lokopera lakale si lachinyengo cha lero, ndipo ine ndimawasunga m'thireyi yawoyawo. Fakitale ya ku London inatsekedwa cha m'ma 325, ndipo kuyambira pamenepo makobidi a ku Britain ankachokera kutsidya kwa nyanja, makamaka ku Trier, Lyon ndi Arles. Akachepa, anthu ankadzisulira. M'zaka za m'ma 340 anakopera kwambiri GLORIA EXERCITVS, VRBS ROMA wa mmbulu woyamwitsa mapasa, ndi CONSTANTINOPOLIS. Magnentius, amene analanda ufumu kumadzulo, atagonja mu 353 kunabwera chigumula china, cha FEL TEMP REPARATIO wa msilikali wobaya wokwera pa kavalo, ena osulidwa pamwamba pa makobidi akale, ena ang'ono kuposa chikhadabo. Vuto lake pa funso la Anabanda ndi ili lokha: wokopera sankatsata dongosolo la fakitale. Kwa iye TRP kapena PLG ya ku Lyon zinali zokongoletsa. Ankatha kuwonjezera kadontho, kutembenuza S kapena N, kapena kuphatikiza mutu wa CONSTANTINOPOLIS ndi mmbulu wa VRBS ROMA. RIC ndi kaundula wa zotuluka m'mafakitale a boma, ndiye lokopera kusapezekamo si nkhani. Komanso si kuphatikiza kulikonse komwe kuli kwa okopera. VRBS ROMA wokhala ndi asilikali kuseri anasulidwadi ndi boma ku Constantinople ndi ku Heraclea, ndipo ali m'buku.

A Jafali, pepani, nyumba sitimangira pamenepa. Zilembo za Bruun zija, kuyambira r1 mpaka r5, zimanena za kuchuluka kwa makobidi omwe iye anawapeza m'nyumba zosungira zakale ndi m'mabuku omwe anawafikira isanakwane 1966. Akati r5 ndiye kuti anaona limodzi. Koma nyumba zimenezo zinkakonda golide ndi siliva, timakobidi ta mkuwa totere sizinkalimbana nato. Pambuyo pake kunabwera makina ofufuzira zitsulo m'nthaka, ndipo chitatha chaka cha 1989 makobidi ochokera ku mayiko a ku Balkan anasefukira pa msika, ambiri okumbidwa mosatsata malamulo a kwawoko. Lero r5 wina mukhoza kumupeza m'mbale ya makobidi a mapaundi ochepa. Mulu wa Seaton Down wokhawo unkalemera makilogalamu 68, ndipo Bruun sanauone. Buku la zaka zoposa 50 kusowa zinthu zina n'zosadabwitsa. Kadontho kowonjezera kamasangalatsa anthu ochepa kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi ouma manja ngati ine.

Anabanda, za komwe mungayang'ane musananene kuti mulibe. Choyamba, buku lenilenilo la RIC VII, osati OCRE yokha, kaundula wa pa intaneti wa American Numismatic Society. OCRE ndi yothandiza pa zithunzi ndipo imatsata manambala a RIC, koma Bruun anaika zambiri m'timawu ta m'munsi mwa tsamba, kuphatikizapo makobidi omwe ankawakayikira. Kenako Late Roman Bronze Coinage ya Carson, Hill ndi Kent, ya 1960, yomwe nthawi zina imasanja zinthu mosiyana. Palinso tsamba la pa intaneti lotchedwa Not in RIC, lomwe ntchito yake ndi kusonkhanitsa zomwe RIC VI ndi VII zinaphonya. Ndiye malipoti a milu yofukulidwa, monga mndandanda wa Coin Hoards from Roman Britain, chifukwa olemba ake amawerenga makobidi a ku Trier masauzande ndipo chachilendo amachilemba. Portable Antiquities Scheme, ndondomeko ya kuno ku Britain yolembera zakale zomwe anthu atola, imalemba zinthu zomwe malo ake ofukulidwa akudziwika, ndiye lanu logulali sangalilandire, koma nkhokwe yawo ya zithunzi ndi yaulere ndipo a GLORIA EXERCITVS alimo osawerengeka.

NaBanda_Exeter

Zikomo nonse. A Jafali, ndiye kuti mawa ndikadzukirabe ku ntchito.

La ku Arles ndalipeza pomwe munanena, a Mbewe, ndipo ndasintha kapepala kake. Kadontho ka pakati pa ndodo ndayeza, kali pakati ndendende.

Za la ku Trier, nazi zomwe munafunsa. Pa sikelo yanga likulemera magalamu 2.31, ndipo kukula kwake ndi mamilimita 17. Ndikaligwira mutu uli chilili n'kulitembenuza chammbali, asilikali akuima chadodolido. Dothi lafewa n'kuchoka ndi kamtengo, sindinakande. Pansi pake patuluka timadontho tasiliva tong'azima m'makona a zilembo, pafupi ndi GLOR ndi pa chishango cha msilikali wa kumanzere. Zilembo zonse zili bwino, palibe chotembenuka.

Kadontho komalizako ndi kachitsulo ndithu, mtundu wake ndi umodzi ndi khobidi lonse, ndipo kamtengo sikakukasuntha. Koma tochi yandionetsa zomwe sindinkaona. Ndi kakang'ono kuposa ka pakati pa R ndi P, mwina theka lake, ndipo kali chammunsi pang'ono, kutsala pang'ono kukhudza timikanda ta m'mphepete. Ndikaunika kuchokera kumanzere kakuoneka kobulungira, koma kuchokera kumwamba kakuoneka ngati kali ndi kamchira kolowera kumphepete.

Aphunzitsi, ndachita zomwe munandiuza. Mwana wanga wamkazi, amene amati makobidi angawa ndi mabatani a agogo, wajambula T, R, kadontho, P. Kumapetoko wangoika kamzere kopendekera. Nditamufunsa kuti chimenecho n'chiyani wayankha kuti ndi chilema, osati kadontho. Sindinamutsutse, koma mtima wanga sunagonje kwenikweni, chifukwa maganizo ena akundiuza kuti mwina chidindochi chinayamba ngati TRP• ndipo atasintha chizindikiro mmisiri anangowonjezera kadontho pakati m'malo mogoba china. Kodi zimenezo zinkachitika?

China, m'kathumba momwemo muli khobidi la mfumu Valens lomwe likutuluka ufa wobiriwira mowala m'kabowo ka m'mphepete. Ndikapukuta, ukubweranso.

Mbewe_Leeds

Kulemera, kukula, siliva wotsalirayo ndi zilembo zoongoka, zonse zikuloza ku Trier yeniyeni. Makobidi amenewa ankatuluka m'fakitale atakutidwa ndi siliva wopyapyala, ndipo mwa okopera si ambiri ankadzivutitsa nazo. Kuima chadodolidoko n'kwabwinobwino, a boma amakhala choncho kapena choongoka. Ndiye za okopera tizichotsepo.

Kamchirako ndi komwe kakundipangitsa kugwirizana ndi mwana wanu. Chidindo chimayamba kung'aluka kuchokera m'mphepete, ndipo pomwe pathetheka kachidutswa, mkuwa umalowamo n'kutuluka ngati kadontho ka mchira. Maganizo anu a chidindo chokonzedwanso si opusa, zidindo zina zinkakonzedwadi n'kugwiritsidwanso ntchito. Koma zikadakhala choncho, kadontho ka kumapeto kakadakhala kokwana bwino ndi pamalo pake, chifukwa ndiko kakadakhala koyambirira, ndipo ka pakati ndi komwe kakadaoneka kopanikizika pakati pa R ndi P. Pa lanu zili mosemphana.

Njira yothetsera mkanganowu ilipo, kungoti ndi yotopetsa. Sakani m'zithunzi za TR•P khobidi lina losulidwa ndi chidindo chomwechi. Musayang'ane nkhope za asilikali, yang'anani malo atatu osasintha: chilembo chomwe nsonga ya mkondo wa kumanzere yaloza, pomwe mawu a GLORIA EXERCITVS adukira, ndi kuchuluka kwa timbale pa ndodo iliyonse. Mukalipeza lopanda kadonthoko, ndiye kuti ndi mng'alu womwe unabwera chidindo chitakalamba. Likakhala nako koma kokulirapo kapena kocheperapo, ndi mng'alu womwewo ukukula. Ngakhale litakhala nako chimodzimodzi, mwangotsimikiza kuti kanali pa chidindo chimodzi. Kuti tinene kuti Trier inalamula chizindikiro cha TR•P•, pafunika zidindo ziwiri kapena zitatu zosiyana zokhala nacho, ndipo ndingasangalale kwambiri chitaonekanso ndi S wa gawo lachiwiri kapena pa khobidi la Constantius. Fakitale ikasintha chizindikiro inkasintha pa mafumu onse ndi magawo onse, osati pa chidindo chimodzi. Pakadali pano lembani nambala ya TR•P pa kapepala, muwonjezere kuti pali chotupa chaching'ono pambuyo pa P, mwina mng'alu wa chidindo. Zithunzi zinayi zija zisungeni pamodzi ndi kulemera kwake, ndipo ku kalabu mukalionetse ngati funso.

La Valens lichotseni m'kathumbamo lero lomwe. Ufa wobwererabwererawo ndi matenda a mkuwa, amayamba ndi mchere wa m'nthaka ukakumana ndi chinyezi, ndipo amadya khobidi mpaka kuboola. Chotsani ufawo ndi kamtengo, muliviike m'madzi osungunula aja mukusinthasintha, muliumitse bwinobwino, kenako mulisunge palokha m'kabokosi kotseka bwino ndi timapaketi ta silica gel. Ndi chinyezi cha kwanuko ku Devon, muziliyang'ana sabata iliyonse, ndipo ena onse omwe anagona nalo limodzi muwaunikenso m'mphepete.